Bokosi Lovina la ku Rongai

Ntchito ya ku Nairobi anandipezera ndi a Mbewe. Tinkapemphera mpingo umodzi ku Dedza iwo asanasamuke, ndipo ankadziwa kuti ngakhale ndinalekezera Fomu 4, wailesi yakufa ndinkaidzutsa. Anandilembera kalata kuti bungwe la mpingo limene ankaliyang'anira kumeneko likufuna munthu wa manja odekha. Ndinasiya mkazi wanga Nachisale ndi ana awiri, wachitatu ali m'njira, n'kukwera basi. Ndinafika mapazi atatupa moti nsapato ndinazinyamula m'manja.

Tinkagwirira ntchito ku Kahawa, kuseri kwa tchalitchi, m'nyumba ya malata imene kale ankasungiramo simenti. Ine ndinkagona m'kachipinda kakumbuyo. Anthu ankandichenjeza za kuzizira kwa mu Julaye, osadziwa kuti akuchenjeza munthu wa ku Dedza. Chimene chinandivuta ndi china: phokoso losatha la msewu wa ku Thika, ndi kusowa munthu womufunsa kuti mwadzuka bwanji kupatula bwana wanga.

Tinkapanga makina ofungatira mazira, ogawira magulu a amayi oweta nkhuku. Ife tinkangowatchula kuti mabokosi. Matabwa ankakhoma ndi ena; pa zamagetsi tinali awiri, ine ndi Njoroge. Njoroge ankachokera ku Kangemi, kukwera maminibasi awiri m'mawa uliwonse, aja kumeneko amawatcha matatu, ndipo kawirikawiri ankafika mochedwa, koma waya wowotcherera iye sunkamasuka. Ndiye anandiphunzitsa Chiswahili, kuyambira pa mitengo ya zinthu ndi mawu otukwana. Dzina langa linamukanika, choncho ankangonditchula kuti Malawi. Tsiku loyamba nditamumva akuwanena a Mbewe kuti "wewe," ndiye kuti iwe, ndinazolika. Iye anaseka.

"Kodi kwanu munthu mmodzi mumamuwerenga awiri?"

Injiniya amene anayambitsa ntchitoyi anabwerera kwawo patatha zaka ziwiri. Anandisiyira kompyuta, mabuku awiri okhuthala ndi pulogalamu ya m'mabokosi. Ndinaiphunzira pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi chilichonse.

M'bokosi lililonse munali kachipu kakuda, kotalika ngati chala, ndipo m'kachipumo munkakhala ntchito zitatu ndi kapitawo wake. Yoyamba inali kutembenuza thireyi ya mazira maola atatu alionse. Yachiwiri inali kuyeza kutentha sekondi iliyonse n'kuyatsa kapena kuzimitsa chotenthetsera. Yachitatu inali kulemba nambala ya kutenthako pakagalasi ka pachitseko. Kachipu sikangagwire ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndiye kapitawo ndi amene amagawa mpata. Lamulo lake ndi lakwathu lija: wamkulu akamayankhula, wamng'ono amadikira. Ntchito ikamaliza chimene yadzukira imayenera kukagona mpaka nthawi yake itakwananso, kuti zinzake zipeze mpata. Titasintha mota wa thireyi, gawo lotembenuza ndinalilemba ndekha, ndipo ndinalipatsa ukulu pa zonse, chifukwa thireyi ikapyola malire ake mazira amagwa. Gawo limenelo ndinkalinyadira. Ndinalitchulanso m'kalata yopita kunyumba.

Mabokosi ambiri ankayenda bwino. Lovuta linali limodzi, la Mama Nduta, wapampando wa gulu la amayi ku Rongai. Kwawoko kunalibe magetsi, ndiye bokosi lawo tinaliikira batire yaikulu ndi sola. Tinakaliyatsa tokha tsiku lina masana, ine ndi Njoroge. Mazira oyamba anaswa bwino, amayi mpaka anatitumizira tambala. Achiwiri anasukusa onse.

Mama Nduta anabwera okha ku Kahawa kudzadandaula. Anati bokosi linavina.

"Linavina bwanji, mama?" anafunsa a Mbewe.

"Thireyi uku, uku, uku, osaima. Kuyambira dzuwa litakwera mpaka pafupi ndi masana. Kenako linaleka lokha."

"Nanga nambala yapachitseko?"

"Inali yabwino. Koma thabwa linkatentha ngati mphika."

Tinaseka, ngakhale sitinaseke pamaso pawo. Tinalitenga bokosilo n'kuliyesa sabata yathunthu. Linkatembenuza pa nthawi yake, linkatentha moyenera. A Mbewe anati mayiwo ayenera kuti ankatsegulatsegula chitseko poonetsa anzawo, ndipo nkhani yovinayo ndi yobisira manyazi. Tinalibweza. Oyamba anaswa. Achiwiri anasukusanso.

Ulendo uno kunalibe kuseka. Mazirawo anali osonkha amayi a gulu lonse, ndipo nkhani inafika kwa abusa amene anali wapampando wa komiti yathu. Abusa anafuna kudziwa wolakwa. A Mbewe anatsegula bokosi n'kupeza kaswitchi ka chotenthetsera katada ngati kapsa. Kaswitchiko anawotcherera ndi Njoroge, ndipo Njoroge anali atachenjezedwa kale kawiri chifukwa chochedwa. Kalata yomuchotsa ntchito inatayipidwa sabata yomweyo. Lachisanu lomaliza mwezi ndilo linali tsiku lake lotsiriza.

Njoroge anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda kanayi.

"Malawi, unaonapo ntchito yanga ikupsa?"

"Ayi."

"Ndiye uwauze."

Ndinawauza a Mbewe. Anandifunsa ngati ndili ndi wolakwa wina. Ndinalibe.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkakhala pa kompyuta, kuimirira, kuzungulira bokosi, kukhalanso. Ndinaliwotcha ndi nyale, ndinaliika pamphepo, ndinagwedeza mawaya, ndinasintha batire. Ndinawerenga pulogalamu mzere ndi mzere, kawiri, osaona kanthu, pakuti munthu akamawerenga zolemba yekha amawerenga zimene ankafuna kulemba. Bokosi linkangoti tswii pa maola atatu alionse, kutembenuza kamodzi, n'kukhala chete ngati mwana wolera bwino. Loweruka masana a Mbewe anabwera monga mwa nthawi zonse n'kuzimitsa switchi yaikulu ya nyumba yonse. Limeneli linali lamulo lawo kuyambira kale. Ankaopa moto, komanso ankati Lamulungu makina nawonso azipuma.

Magetsi atazima ndinasowa chochita ndi manja anga, ndiye ndinakwera matatu kupita m'tauni, n'kukwera ena a ku Rongai. Msewu unali wodzaza. Kondakitala ankamenya chitseko, wailesi ili pamwamba, ine nditapanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula mwana. Sindinkadziwa chimene ndinkakafuna. Ndinkangodziwa kuti pa anthu onse, amene analiona bokosi likulakwa anali mmodzi, ndipo ameneyo tinamuseka.

Ndinawapeza Mama Nduta akuwaza masamba a nkhuku. Sanandipatse mpando msanga.

"Mwabwera kudzandiuzanso kuti ndimatsegula chitseko?"

"Ayi, mama. Ndabwera kuti mundiuze za kuvina kuja."

"Tsopano mukufuna kumva?"

"Ndikufuna."

Anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kalendala ya kutchalitchi kwawo. Mayiwo ankalemba chilichonse. Tsiku limene tinabweretsa bokosi anajambula mtanda. Tsiku loika mazira, kadzira. Tsiku lovina analizunguliza ndi bolopeni yofiira, mokanikiza mpaka pepala linabooka. Ndinawerenga ndi chala kuchokera pa mtanda woyamba kufika pofiira: masiku makumi awiri ndi asanu. Ndinatembenuza mapepala kufika pa ulendo wachiwiri. Makumi awiri ndi asanu.

"Anapiye oyamba atatuluka, simunalizimitse kuti mulitsuke?"

"Ndinalipukuta lili choyaka, n'kuika mazira ena."

"Nanga litayamba kuvina, thabwa likutentha, bwanji simunachotse waya ku batire?"

Anatseka kalendala ija.

"Pachivundikiro pa bokosi lija palembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana kumene kunali nkhuku.

"Ndikufunsa, kijana, mnyamata iwe. Palembedwa chiyani?"

"Usizime."

"Analemba ndani?"

Ndinalemba ndine, ndi penti yofiira, pa bokosi lililonse. Usizime: usazimitse. Anali amodzi mwa mawu oyamba a Chiswahili amene ndinawalemba popanda kufunsa Njoroge. Amayi ena onse anali ndi mawu omwewo pa mabokosi awo, koma awo anali a magetsi a m'tauni, amene ankazima okha sabata iliyonse osapempha munthu. Lathu loyesera linkapuma Lamulungu lililonse. Pa mabokosi onse amene tinapanga, limene linayakapo masiku makumi awiri ndi asanu osalekeza linali limodzi lokha, la mayi amene anamvera.

Pobwerera ndinachita masamu kuseri kwa envelopu, nditaitsamiritsa pabondo, bolopeni ikudumpha ndi mabampu. Kapitawo wa m'kachipu ali ndi wotchi yake. Siwerenga maola, imangowerenga timphindi, chikwi pa sekondi iliyonse, kuyambira pamene bokosi layatsidwa. Koma malo olembapo nambalayo ali ndi polekezera, ngati mita yowerenga mtunda pa galimoto. Ndinagawa nambala yaikulu imene ingakwane pamenepo. Inandipatsa masiku makumi awiri ndi anayi, ndi maola makumi awiri ndi theka. Ndinabwereza katatu. Ndinapitirira pamalo potsikira osazindikira.

Mzere wanga unkati: nthawi yotembenuzanso ndi nthawi ino kuphatikiza maola atatu. Kwa masabata atatu ndi masiku angapo masamuwo ndi oona. Koma wotchi ikayandikira polekezera, maola atatu owonjezerawo sakwana, amasefukira, ndipo nambala yotsala imaoneka ngati ya kale kwambiri. Ntchito yotembenuza imayang'ana n'kuti ndachedwa, imatembenuza, imaphatikizanso, imapeza kuti yachedwabe, imatembenuzanso. Sigona. Ndipo popeza ndinaipatsa ukulu, zing'onozing'ono zija zimangodikira mwaulemu. Chotenthetsera chimatsala choyaka popanda wochizimitsa. Nambala yapachitseko imatsala yomwe ija yabwino, popanda woisintha. Pakatha maola awiri ndi theka wotchi imadutsa polekezera, zonse zimabwerera m'malo, mazira atapsa kale.

Lamulungu limenelo linatalika. Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Titatuluka, Amalawi tinaima pamodzi pansi pa mtengo monga tinkachitira, kufunsana za kumudzi ndi amene akupita kwathu woti n'kumupatsira katundu. A Mbewe anali pomwepo, akuseka. Ine ndinkangoyang'ana nyumba yathu ya malata, yokhoma, yopanda magetsi. Masana ndinayenda wapansi mpaka kumsika n'kubwerako osagula kanthu.

Lolemba ndinadikira kuti Njoroge apite kukantini kukadya githeri, chimanga chophika pamodzi ndi nyemba. Ndinasintha pulogalamu kuti wotchi isayambire pa ziro koma pafupi ndi polekezera, n'kuyatsa bokosi. Mphindi zisanu kunali zii. Kenako tswii, thireyi inapendekera kumanzere. Isanapume, tswii, kumanja. Kumanzere. Kumanja. Ndinagwira kachipangizo koyeza kutentha ndi dzanja kuti nambala ikwere. Sinasunthe. Mayi aja sananame ngakhale liwu limodzi.

Kukonza kwake kunali mizere iwiri. M'malo mofunsa kuti nthawi yafika kodi, ntchito izifunsa kuti papita timphindi tingati chitembenuzireni komaliza. Kuchotsera kotero kumatuluka bwino ngakhale wotchi itazungulira. Ndinalemba m'kachipu katsopano, ndinayesa, bokosi linadutsa polekezera lili phee. Kachipu kakale ndinakakulunga m'pepala n'kukaika m'thumba la malaya.

Ndinapita ku ofesi ya a Mbewe. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kudzuka kukatseka chitseko.

"Achimwene, wina mwamuuza?"

"Ayi, bwana."

"Mwachita bwino. Musinthe timachipu m'mabokosi onse mwakachetechete. Tinena kuti ndi kukonza kwa masiku onse."

"Nanga kalata ya Njoroge?"

"Kalata inasainidwa."

"Koma kaswitchi kaja kanada chifukwa chokhala choyaka maola awiri ndi theka. Si dzanja lake."

Anakhala pansi n'kuvula magalasi.

"Tamverani. Pamene ndinkakuitanani, komiti inafunsa kuti bwanji mukutenga wa Fomu 4 wa kwanu, pomwe pano pali anyamata a madigiri akuyenda ndi mapepala m'manja. Ndinakuikirani kumbuyo ndine. Lero ndikanene kuti amene anaphika mazira a amayi ndi Mmalawi wanga? Pemiti yanu yogwirira ntchito kuno ikutha Disembala. Woisainira ndi abusa omwewo. Njoroge ndi kwawo kuno, mawa apeza pena. Inu mukapeza kuti? Ana ndi angati tsopano?"

"Atatu."

"Ndiye kaganizeni za atatuwo."

Sanayankhule mwaukali. Anayankhula ngati mbale, ndipo zambiri zimene ananena zinali zoona.

Ndinakhala chete Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Ndinkagwira ntchito tebulo limodzi ndi Njoroge, iye akumaliza mabokosi amene anawayamba kuti asasiye za theka. Kachipu kaja kanali m'thumba. Ndinkakasamutsa, thumba la malaya, la buluku, m'dirowa, m'thumba la malaya. Lachitatu ndinapita kumalo oimbira foni kuti ndiyankhule ndi Nachisale kudzera kusitolo ya kwathu. Anandiuza kuti mwana wathu wamkulu wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Ndinati zikomo Mulungu. Anafunsa ngati ndili bwino, pakuti mawu anga anali ngati a munthu wodwala. Ndinati ndi chimfine.

Lachinayi madzulo Njoroge anatsegula kaswitchi kakuda kaja ndi mpeni, n'kumakayang'ana pansi pa nyale. Anakhala nako nthawi yaitali.

"Mwina ndakalamba, Malawi. Mwina maso. Ndikuyang'ana, sindikuona pamene ndinalakwitsa, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa. Ndikapita kwina ndikawotchanso za anthu."

Kuchotsedwa ntchito anali atakuvomera. Tsopano anayamba kukayikira manja ake.

Lachisanu lililonse m'mawa tinkakhala ndi mapemphero m'nyumba yogwirira ntchito momwemo, ndipo lomaliza mwezi abusa ankabwera okha. Ndinalawirira. Ndinabwezera kachipu kakale m'bokosi la Mama Nduta, wotchi nditaiika kuti ifike pamalo oipa pakatha mphindi khumi ndi zisanu. Ndinaika mazira owiritsa anayi pathireyi kuti pakhale chooneka. Anthu atayamba kulowa ndinayatsa.

Tinaimba nyimbo imodzi. Abusa anayamba kupemphera, ndipo anali munthu wopemphera motalika. Anapempherera bungwe, anapempherera amayi a ku Rongai, anafika pa mbale wathu Njoroge amene akutisiya lero. Tswii. Anapitiriza. Tswii. Tswii. Akalipentala anayamba kutsegula diso limodzilimodzi. Mazira ankagubuduka uku ndi uku. Abusa anati amen pakati pa chiganizo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi kuvina kumene ananena Mama Nduta, abusa," ndinatero m'Chiswahili changa chopindika. "Ndikhoza kukuyambitsa nthawi iliyonse mungafune. Kaswitchi kali umu n'katsopano. Cholakwa chili m'mzere umene ndinalemba ine."

Ndinafotokoza za wotchi, za masiku makumi awiri ndi asanu, za switchi yaikulu ya Loweruka. Sindikudziwa ngati abusa anamva zonse. Anagwira thabwa, n'kuchotsa dzanja msanga, n'kuyang'ana nambala yapachitseko imene inkanenabe kuti zonse zili bwino. Kenako anafunsa a Mbewe ngati ankazidziwa. A Mbewe anati ndinawatchulirako, koma ankadikira umboni. Sindinawatsutse.

Kalata ya Njoroge inang'ambidwa tsiku lomwelo. Mwezi wotsatira tinayenda awiri m'magulu onse kusintha timachipu, ndipo Njoroge anawonjezera kachitsulo kodula moto pakokha bokosi likatentha mopyola, kosadalira pulogalamu ya munthu aliyense. Mama Nduta anatipatsa tiyi, koma anandiuza kuti ndipepese pamaso pa gulu lonse, chifukwa iwonso ananyozedwa pamaso pa gulu lonse. Ndinapepesa nditaimirira pakati pa bwalo, nkhuku zikundizungulira.

A Mbewe sanandikalipire. Ankandipatsa moni waulemu wonse m'mawa uliwonse, kufunsa za kunyumba, n'kudutsa. Disembala itafika anandiuza kuti komiti yaona kuti ntchito ya pulogalamu ikufunika munthu wa mapepala. Sindikudziwa amene anayambitsa mawuwo, ndipo sindinafufuze.

Kwathu ndinapeza nyumba yofolera malata imene ndinkangoimva m'makalata, ndi makiyi ake onse ali m'chiuno mwa Nachisale. Wamng'ono ankandipatsa moni atagwada patali, ngati mlendo wa kumpingo. Wamkulu anamaliza sekondale yoyendera, osati yogonera ija. Sanandifunsepo chifukwa chake, ndipo mwina amayi ake anamuuza. Ndinatsegula kabenchi pa sitolo ya mlamu wanga, kukonza mawailesi, kenako mafoni. Ndi pomwe ndili.

Tsiku lonyamuka ku Nairobi, Njoroge anandinyamulira chikwama mpaka kokwerera basi. Chichitikireni zija tinali tisanakambepo za nkhaniyi. Katundu atakwezedwa pamwamba, anayatsa fodya n'kuyang'ana kumbali.

"Kachipu katsopano kaja unalemba tsiku pamsana pake. Ndinaona pamene tinkasintha ku Rongai. Linali Lolemba."

"Eya."

"Bokosi linavina Lachisanu."

"Eya."

"Masiku atatu apakatiwo unkatani, Malawi?"

Ndikanatha kunena kuti ndinkayesabe. Ndinati, "Ndinkawerenga ana anga."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo woyenera wa chinthu.

"Atatu," anatero. "Ine ndili nawo asanu. Ukanandifunsa, ndikanakuthandiza kuwerenga."

Kondakitala anayamba kuitana. Njoroge anaponda fodya wake, n'kundikankhira kuchitseko cha basi.

"Kwerani, achimwene," anatero m'Chichewa, mawu aliwonse payekhapayekha. "Mwachedwa kale."